Wofuna kutchuka pa kuyankhula pagulu ayambe wakhulupirika

Masiku ano kuyankhula pagulu kwasanduka ntchito yodyerapo. Loweruka lililonse kuli chinkhoswe, ukwati kapena bridal shower, ndipo mkati mwa sabata mabungwe amakhala ndi misonkhano kumahotela. Konseko kumafunika woyendetsa mwambo kapena mlangizi. N'chifukwa chake achinyamata ambiri akufunsa kuti atani kuti nawonso adziwike. Ena afika posindikiza timakadi ndi kutsegula tsamba pa Facebook asanayankhulepo ngakhale pamsonkhano wa makolo kusukulu.

Ana anga, mawu okoma akhoza kukuitanitsani kamodzi. Koma chimene chimachititsa kuti akuitaneni kachiwiri n'chakuti eni mwambo akhale ndi mtendere mumtima inu mukagwira maikolofoni, podziwa kuti simuwachititsa manyazi ndipo simunamiza alendo awo.

Yambani pamalo aang'ono. Kumlaga, kumphakati, ku Mvano kapena Chigwirizano, kubanki m'khonde, konseko kuli anthu ofuna wina woti awafotokozere nkhani momveka. Ife anamwino sukulu yathu inali kusikelo. M'mamawa, amayi ali pamabenchi, ana akulira, iwe uimirire n'kuphunzitsa. Ukangozungulira, amayi amayamba macheza awo. Kumeneko tinaphunzira kubwera ndi mfundo imodzi yokha, monga yakuti paketi imodzi ya Thanzi ORS isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino. Mayi akafika kunyumba n'kutha kuuza mnzake mfundoyo osaiphonya, ndiye kuti wayankhula bwino. Muyeso wake ndi womwewo ngakhale mutayankhula kuhotela.

Chachiwiri, nenani zokhazo zimene mukuzidziwa. Apa mpamene pamagona moyo wa anthu. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake mu 2004, ndipo anthu ochuluka amene akanamwalira akulera ana awo lero. Komabe timamva ena ataima pagulu n'kumauza odwala kuti asiye mankhwala chifukwa achira. Munthu akasiya ma ARV kachilombo kamachulukanso m'thupi, ndipo kakhoza kuyamba kusamva mankhwalawo. Pa bridal shower naponso pamamveka malangizo a zakulera ndi za uchembere ochokera kwa anthu amene sanaziphunzire. Wina akakufunsani zimene si za ntchito yanu, mutumizeni kwa eni ake, kaya kuchipatala, kwa mlangizi wa zaulimi kapena kwa loya. Ulemu wanu suchepa potero, m'malo mwake anthu amaona kuti ndinu wodalirika.

Chachitatu ndi nthawi. Akakupatsani mphindi 10, malizani pa 8. Bungwe la Toastmasters, limene Ralph Smedley anayambitsa ku California mu 1924 pofuna kuphunzitsa anthu kuyankhula pagulu, limapereka mphindi 5 mpaka 7 pa zoyankhula zambiri, ndipo pamakhala munthu woonetsa chizindikiro chobiriwira, chachikasu kenako chofiira. Ife pamwambo tilibe wotionetsa chofiira, choncho dziyeseni nokha kunyumba ndi wotchi. Kumbukirani kuti holo ndi yolipira, perekaniperekani akudikira, ndipo alendo ochokera kumudzi akufuna kupeza minibasi kusanade. Amene amanena kuti "pomaliza" kanayi amakumbukiridwa, koma saitanidwanso.

Chachinayi, konzekerani maina ndi maudindo. Fikani msanga, khalani pansi ndi ankhoswe kapena akomiti, lembani papepala kuti kuchimuna kuli yani, kuchikazi kuli yani, mfumu yabwera ndi nyakwawa, gulupu kapena mfumu yaikulu. Kuitana gulupu kuti nyakwawa, kapena kulumpha malume a mkwatibwi, ndi kulakwa kumene banja limakumbuka zaka zambiri. Dzina likakuvutani, funsani mwini wake katchulidwe. Safunsa anadya phula.

Chachisanu, ndipo ichi ndichilimbikire, sungani chinsinsi. Oyankhula ambiri amakonda kukometsera nkhani ndi zitsanzo za anthu enieni: banja lina la ku Ndirande, mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Dziko lathu ndi laling'ono, mwina mlamu wa mayiyo wakhala kutsogolo komweko. Mu 1987 a Kenneth Kaunda anauza dziko kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi. A Bakili Muluzi ananena za mchimwene wawo mu 2004, ndipo a Nelson Mandela ananena za mwana wawo mu 2005. Mawu awo anali ndi mphamvu chifukwa anali oona, panthawi imene ambiri ankabisa, komanso maliro anali a m'nyumba mwawo. Inu nkhani ya m'nyumba ya mnzanu musaitengere kugulu popanda chilolezo chake, ngakhale itakhala yophunzitsa chotani. Nthabwala zonyoza mtundu wa anthu, olumala kapena mayi amene sanaberekepo zisiyeninso. Anthu amaseka pompo, koma akafika kunyumba amakambirana zina.

Za ndalama gwirizanani mwambo usanafike, ndipo ngati n'kotheka lemberanani. Musakweze mtengo m'mawa wa tsiku laukwati poona kuti eni ake alibe kothawira. Mukalandira chikole kwa banja lina, musalithawe chifukwa kwapezeka olemera. Mowa dikirani mpaka mutabweza maikolofoni.

Mwambo ukatha, pezani munthu mmodzi wosakunyengererani, makamaka wachikulire, mumufunse zimene wamva ndi pamene mwataya anthu. Anzanu adzangoti "mwaphatu lero", koma zimenezo sizikukonzani.

Zonsezi zimatenga zaka, ndipo palibe chidule. Wokuitanani mawa nthawi zambiri ndi munthu amene wakhala phee kumbuyo lero, mwana wake akukwatiwa chaka chamawa. Iyeyo akuona ngati mwafika nthawi yabwino, ngati mwalemekeza akuluakulu, ndiponso ngati zimene mwanenazo angazibwereze kwa ena osachita nazo manyazi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kwa inu amene mwasankha kudyera pakamwa, mlomowo udzakutsatani ndithu. Onetsetsani kuti zimene ukusiya m'mbuyo n'zoti mungakonde kukumana nazo.