Mafuta ochokera ku malasha: make mbuu, mwana mbuu

M'mwezi wa December 2008, fakitale ya kampani ya Shenhua ku Ordos, m'chigawo cha Inner Mongolia ku China, idayamba kusungunula malasha n'kukhala mafuta. Fakitaleyi idamangidwa kuti izitulutsa matani pafupifupi 1 miliyoni pachaka. Luso lake ndi lakale: Friedrich Bergius wa ku Germany adalitulukira mu 1913, ndipo mu 1931 adalandira mphoto ya Nobel.

Malasha amaperedwa n'kusakanizidwa ndi mafuta olemera komanso mankhwala a chitsulo ofulumizitsa ntchitoyi. Phalalo limatenthetsedwa kufika madigiri pafupifupi 450, uku likupanikizidwa kwambiri ndi mpweya wa haidrojeni. Chifukwa chake n'chakuti malasha ali ndi haidrojeni wochepa: pa maatomu 10 alionse a kaboni pamakhala a haidrojeni pafupifupi 8, pomwe m'mafuta a pansi amakhalapo pafupifupi 18.

Zotulukazo sizingathiridwe m'galimoto nthawi yomweyo. Akatswiri a m'labotale amayamba azitcheza kuti apatule mafuta opepuka kwa olemera, kenako makina a gas chromatography ndi mass spectrometry amalekanitsa mamolekyu n'kuzindikira mtundu uliwonse.

Zomwe amapeza n'zakuti mafutawa amatengera kholo lawo. Kaboni wa m'malasha ndi wolumikizana ngati mphete, ndipo mphetezo zimatsalira m'mafuta. Mumapezekanso phenol, yemwe ali ndi okosijeni, komanso pyridine ndi quinoline, omwe ali ndi naitrojeni. Zinthuzi zimadetsa mafuta akakhalitsa m'thanki, ndipo naitrojeniyo amafooketsa mankhwala oyengera. Dizilo wa mphete zambiri amachedwanso kuyaka mu injini. Choncho zotsatira za kuyezaku ndizo zimauza fakitale kuchuluka kwa haidrojeni wina wofunika poyeretsa mafutawo, ndipo haidrojeni ndi wodula.

Kampani ya Sasol ya ku South Africa, yomwe idayamba kupanga mafuta ku Sasolburg mu 1955, imatsata njira ina. Imayamba yasandutsa malasha kukhala mpweya, mphete zonse n'kusweka, kenako n'kulumikiza kaboni ngati unyolo. Dizilo wake amayaka msanga, koma ngwopepukirapo.

Kwa maiko okhala ndi malasha, monga a ku Moatize, Hwange ndi Maamba, phunziro n'lakuti kusungunula malasha ndi chiyambi chabe. Mtengo weniweni umadziwika akawerengera haidrojeni, madzi ochuluka ofunika pantchitoyi, ndiponso mpweya wotenthetsa dziko womwe njira zonse ziwirizi zimatulutsa koposa kuyenga mafuta a pansi.