Chifukwa Chake Mankhwala a Pamchombo Sayenderera

Mayi aliyense wophika nsima amadziŵa, osafunsa munthu, nthaŵi yothira ufa m'phala. Mthiko ndiwo umamuuza. Ukayamba kulemera m'dzanja ndiye kuti nsima yagwirana, ndipo ikagona m'mbale kufikira m'maŵa imasanduka mkute wouma gwa. Ufa ndi womwewo, madzi ndi omwewo, koma moto ndi nthaŵi zasintha khalidwe lake. Zimene amayi amayesa ndi mkono, opanga mankhwala amaziyesa ndi makina, pakuti mankhwala ambiri amene timalandira kuchipatala sali amadzi ndiponso sali mapiritsi. Ali pakati, ofeŵa ngati phala lozizira.

Phunziro la mayendedwe a zinthu zofeŵa limatchedwa rheology. Dzinali analipereka ndi Eugene Bingham, mphunzitsi wa pa Lafayette College ku America, ndipo bungwe la akatswiri a phunziroli linakhazikitsidwa mu 1929. Bingham anazindikira kuti penti simayenda kufikira itakankhidwa ndi mphamvu yokwanira. Mankhwala otsukira mano ali chimodzimodzi: sayenderera okha, koma tikafinya amatuluka ndi kukhala duu pamswachi. Aŵerengi a Baibulo adzakondwera kumva kuti mu 1964 mnzake wa Bingham, Markus Reiner wa ku Haifa, anatcha muyeso wina wa phunziroli dzina la Debora, poganizira nyimbo ya mneneri wamkaziyo m'buku la Oweruza mutu 5, imene imanena za kusungunuka kwa mapiri. Maganizo a Reiner anali akuti ngakhale chinthu cholimba chimayenderera, munthu akakhala ndi nthaŵi yokwanira yochipenyerera.

Makina oyesera alipo a mitundu iŵiri. Oyamba, otchedwa rheometer, amapana kadontho ka mankhwala pakati pa timbale tiŵiri tachitsulo, kena n'kumazungulira, ndipo amalemba mphamvu imene yafunika kuti mankhwalawo ayambe kuyenda. Tinganene kuti ndi mthiko wodziŵa kuŵerenga. Achiŵiri, otchedwa DSC, amene anayamba kugulitsidwa mu 1963, amatenthetsa kachidutswa pang'onopang'ono ndi kuonetsa pamene kayamba kusungunuka. Mafuta a koko, mwachitsanzo, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pamene thupi la munthu limatentha madigiri 37. N'chifukwa chake kuyambira kale akhala akuumbira mankhwala oloŵetsa kunjira ya chimbudzi: m'dzanja ndi olimba, m'thupi amasungunuka. Aliponso mankhwala ena ochita mosiyana, monga poloxamer 407, amene amakhala amadzi akazizira koma amagwirana akamva kufunda kwa thupi, motero sachoka msanga pamalo pamene aikidwa.

Tsono tifike pa khanda lobadwa kumene. Mchombo wongodulidwa ndi chilonda, ndipo tizilombo tikaloŵerapo tingafike m'magazi ndi kupha mwana m'masiku oŵerengeka. Agogo athu ena ankapakapo phulusa, mafuta kapena mwaye. Ankatero mwachikondi, koma zinthuzo kaŵirikaŵiri ndizo zinkabweretsa matenda. Mu 2013 bungwe la WHO linaika chlorhexidine wa 7.1 peresenti pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a ana, kuti azipakidwa pamchombo. Mankhwala ameneŵa anali odziŵika kale, pakuti amapezeka m'madzi ochukuchira m'kamwa. Kampani ya GSK, mogwirizana ndi Save the Children, inawapanga kukhala ophathikana ndi kuwaika m'timapaketi tong'amba ndi zala popanda sizasi, ndipo mu 2016 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza.

Kuphathikanako sikuchitika mwangozi. Akachepa mphamvu, mankhwala amayenderera pamimba ya mwana ndi kuthera m'nsalu. Akalimbitsa, satuluka bwino m'paketi, ndipo mayi angapweteke khanda powapaka. Ayeneranso kukhala chimodzimodzi atayenda ulendo wautali pa lole ndi kukhala miyezi m'nyumba ya malata. Ifeyo tikuona kuti opanga anachita bwino kuganizira nyengo yotentha, chifukwa si mankhwala onse amene amapirira chotero. Makapisozi ofeŵa a artesunate, amene mwana wosakwana zaka 6 wodwala malungo aakulu amaloŵetsedwa kunjira ya chimbudzi asanathamangire naye kuchipatala, amafuna kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 25. Mu Okutobala, ku Nsanje kapena ku Chikwawa, malo otere ndi osoŵa ndithu.

Pali chenjezo limodzi limene sitingalisiye. Mu 2019 WHO inalengeza kuti kuyambira 2015 panachitika ngozi zoposa 40 m'maiko 9 a mu Africa, pamene chlorhexidine wa pamchombo anathiridwa m'maso mwa ana molakwitsa, ndipo ena anachita khungu. Timabotolo ndi timachubu take timafanana ndi ta mankhwala a m'maso, makamaka usiku poŵala koloboyi. Achinyamata odziŵa kuŵerenga, amene nthaŵi zambiri ndinu mumatumidwa kukatenga mankhwala pashelefu, ŵerengani dzina musanapereke kwa amayi, ndipo a pamchombo asungidwe paokha, kutali ndi zenera ndi moto. Mukaona kuti asungunuka, alekana madzi kapena auma, abwezeni kwa anamwino kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.