Mfuti m'nyumba ndi mwana wothedwa nzeru: zoyenera kudziwa makolo a ku Kabwe

Mfuti yosungidwa m'nyumba imakhala pafupi ndi ana a m'nyumbamo tsiku lililonse, pomwe wakuba amene anaigulira mwina sadzabwera n'komwe. Ku Kabwe mfuti si yachilendo. M'tauniyi muli misasa ya asilikali ya Chindwin ndi Kohima, ndende ya Mukobeko, apolisi ndiponso alonda a makampani. Kumafamu a ku Chibombo, Kapiri Mposhi ndi Mkushi alimi amasunga chifefe chotetezera ng'ombe ndi mbewu, ndipo kumidzi alenje ena akadali ndi gogodela. Lamulo la Firearms Act limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi chilolezo, koma kasungidwe kake ka tsiku ndi tsiku kali m'manja mwa kholo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zimatenga miyoyo ya achinyamata a zaka 15 mpaka 29. Pa kuwerengera kwa chaka cha 2019, Africa ndiye inali patsogolo pa zigawo zonse za bungweli, ndi anthu pafupifupi 11 pa 100,000 alionse. Amuna ndiwo amafa ambiri.

Chimene makolo ambiri sachidziwa n'chakuti mphindi yoopsa kwenikweni imakhala yaifupi. Vuto lingakhale lakalekale, monga matenda ovutika maganizo, nkhanza za pakhomo kapena kuledzera, koma maganizo oti "basi, lero lomwe" amabwera mwadzidzidzi ngati mkuntho, n'kupita. Ofufuza a ku Houston, m'dziko la America, anacheza ndi achinyamata amene anapulumuka lokumbakumba atayesa kudzipha, ndipo m'lipoti lawo la 2001 anapeza kuti mmodzi mwa anayi alionse anachita zimenezo pasanathe mphindi 5 kuchokera pamene anaganiza. Mtsikana amene wangozindikira kuti ali ndi pakati, mnyamata amene zotsatira za mayeso a Giredi 12 zamutembenukira, wophunzira wa ku yunivesite amene wadyera fizi pa kubetcha ndipo a kaloba akumuimbira foni usiku ndi usana: onsewa angafike pa mphindi imeneyi. Chimene chili pafupi ndi dzanja lawo pa nthawiyo ndicho chimagamula ngati adzaona m'mawa.

Apa ndi pamene mfuti imasiyana ndi zina zonse. Mwa anthu 10 amene amadziwombera, pafupifupi 9 amafa. Mfuti siipereka mpata woti munthu asinthe maganizo, aitane mayi ake kapena athamangitsidwe naye kuchipatala. Komatu mwa anthu 10 amene amapulumuka atayesa kudzipha, pafupifupi 9 sadzafa modzipha m'tsogolo mwake. Mawu oti "wofuna kufa sungamuletse, apeza njira ina" ndi abodza, ndipo apha ana ambiri amene akanakhala ndi moyo.

Umboni ulipo. M'chaka cha 2006 asilikali a ku Israel analetsedwa kupita ndi mfuti kunyumba pa tchuthi cha kumapeto kwa sabata, ndipo odzipha pakati pawo anatsika ndi 40 pa 100 alionse. Ku Sri Lanka boma linaletsa mankhwala akupha kwambiri ophera tizilombo m'munda, ndipo akatswiri amati miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka pakati pa 1995 ndi 2015. Chitsanzo cha Sri Lanka chikukhudza mabanja ambiri a ku Makululu, Bwacha ndi Katondo kuposa cha mfuti, chifukwa pakhomo popanda mfuti pamakhala botolo la mankhwala opopera tomato, a makoswe kapena a dibi. Padziko lonse munthu mmodzi mwa odzipha asanu alionse amafa ndi mankhwala otere. Mankhwalawa nawonso amafunika loko, ndipo asagulidwe ochuluka kuposa ofunika pa ntchito ya nthawiyo.

Kasungidwe koyenera ka mfuti n'kosavuta kukafotokoza. Mfuti ichotsedwe zipolopolo nthawi zonse isanalowe m'nyumba, ndipo mwini wake aone ndi maso kuti mulibe chotsalira m'kati. Itsekeredwe m'bokosi lachitsulo kapena m'kabati yolimba. Zipolopolo, kapena onga wa gogodela, zitsekeredwe kwina, ndi loko wina. Makiyi aziyenda ndi mwini mfuti, asamakhale pamsomali kuseri kwa chitseko kapena m'thumba la jekete yopachika. Kubisa si kutseka. Pamwamba pa wadirobu, pansi pa matiresi ndi kudenga ndi malo amene mwana wa zaka 10 anafufuza kale tsiku lina makolo ali kumaliro. Ndipo mwana akamakagona kwa amalume kufamu pa holide, kholo lisachite manyazi kufunsa ngati kumeneko kuli mfuti ndi mmene imasungidwira.

Pakhomo pakakhala munthu amene akuvutika maganizo, loko sakwanira; mfutiyo ichoke mpaka zinthu zitakhala bwino. Isaperekedwe kwa mnansi wopanda chilolezo. Mwini wake akambirane ndi apolisi za koisungitsa, ndipo mfuti ya kuntchito izitsala kuntchito. Izi zikukhudzanso bambo mwini, ngati ndi iye amene ntchito yamuthera, banja likugwedezeka kapena mowa wamuchulukira.

Zizindikiro zimaoneka kwa kholo lotchera khutu. Mwana amasiya kudya ndi anzake, amadzitsekera kuchipinda, sagona kapena amangogona, amagawa zovala ndi foni yake, amalankhula kapena kulemba pa Facebook mawu onga "ndatopa nawo moyo", "ndikungokulemetsani". Amene anayesapo kale ndiye ali pangozi yaikulu koposa. Makolo ambiri amaopa kuti kutchula nkhaniyi ndi kulaula, kapena kuti kumupatsa mwanayo nzeru yoipa. Kafukufuku akusonyeza kuti kufunsa sikudzala maganizo amenewa, ndipo kawirikawiri kumamupepuza mtima. Funsolo likhale lachindunji, pamalo a awiri: "Mwanawe, kodi ukuganiza zodzipha?" Akavomera, si nthawi yokalipa, yomukumbutsa ndalama za sukulu kapena yomuitanira anthu. Asasiyidwe yekha, zoopsa zichotsedwe, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pemphero ndi uphungu wa abusa kapena ankhoswe n'zothandiza zikamayendera limodzi ndi chithandizo cha kuchipatala.

Thandizo limayambira pa kiliniki yapafupi kapena pa chipatala chachikulu cha Kabwe, ndipo ofunika akatswiri amatumizidwa ku Chainama Hills ku Lusaka. Lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ufulu ndi ulemu wa odwala matenda a maganizo. Wakumwa mankhwala athamangitsidwe kuchipatala msangamsanga pamodzi ndi botolo lake, osamusanzitsa kapena kumumwetsa mkaka. Bungwe la Lifeline/Childline Zambia lili ndi manambala aulere: 116 ya ana ndi 933 ya akuluakulu, ndipo kholo limene likudera nkhawa mwana wake lingathe kuimbanso.