Kodi Foni Imawerenga Bwanji Masiku Otsala?



Ramadhan ikamayandikira, mafoni ambiri amayamba kutiuza masiku amene atsala. A Fomu 4 nawo ali ndi mapulogalamu owawerengera masiku otsala kuti ayambe mayeso a MSCE. Nthawi zina mafoni awiri a m'nyumba imodzi amasiyana, ina ikuti 30 ina ikuti 31, mpaka anthu kukangana. Tiyeni tione mmene foni imawerengera kuti tidziwe pamene tingaidalire ndi pamene tiyenera kufunsa anthu.

Foni siloza madeti pa kalendala ngati mmene timachitira ife. Imasandutsa deti kukhala nambala. Mafoni ambiri amasunga nthawi powerenga masekondi amene adutsa kuchokera pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC, yomwe mayiko onse amayendera poyerekeza mawotchi awo. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Choncho njira yachidule ndi kuchotsera nambala ya deti loyamba ku ya deti lachiwiri, kenako kugawa ndi 86,400.

Njira imeneyi ndi yosavuta koma imapusitsa. Kuchokera Lolemba 10 koloko usiku kufika Lachitatu 6 koloko m'mawa ndi maola 32. Tikagawa ndi 24 tipeza tsiku limodzi ndi maola 8 otsala, pomwe pa kalendala Lolemba ndi Lachitatu zatalikirana masiku awiri. Komanso nthawi ya kuno kwathu ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Ikamakwana 1 koloko usiku ku Mangochi, pa UTC imakhala ikadali 11 koloko ya dzulo lake, ndiye pulogalamu yosasamala imalakwitsa deti. Ku Britain amapititsa mawotchi patsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi, ndipo tsikulo limakhala ndi maola 23 okha. Wogawa ndi 24 amataya tsiku lathunthu.

N'chifukwa chake odziwa kulemba mapulogalamu amayamba achotsa maola n'kutsala ndi deti lokha. Pa mafoni a Android, wolemba mu Java kapena Kotlin amasunga deti mu LocalDate, n'kuwerenga ndi ChronoUnit.DAYS.between. Lamulo limeneli limadziwa kale kutalika kwa miyezi. Kuchokera pa 20 Febuluwale kufika pa 10 Malichi lipereka 18 mu 2027, koma 19 mu 2028 chifukwa Febuluwale wa chakacho ali ndi masiku 29. Limadziwanso kuti chaka chothera ndi 00 chimalandira tsiku lowonjezera pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. Chaka cha 2000 chidalandira, cha 2100 sichidzalandira. Ophunzira a Computer Studies, yesani madeti amenewa mu pulogalamu iliyonse yomwe mwalemba musanaipereke kwa anzanu.

Ngakhale masamu atakhala olondola, pamatsala funso lomwe foni siingatiyankhire: kodi tsiku loyamba tikuliwerenga? Kuchokera pa 1 kufika pa 8 Malichi lamulo lija limapereka 7. Wowerenga ndi zala masiku onse, loyamba ndi lomaliza lomwe, apeza 8. Izi zimatikhudza pa aqiqah. Mwana akabadwa Lachisanu, tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi Lachinayi ngati tsiku lobadwa tikuliwerenga, ndipo ndi Lachisanu linalo ngati sitikuliwerenga. Maulama amasiyana pa mfundoyi, ndipo wolemba pulogalamu amangosankha mbali imodzi osatiuza.

Kalendala ya Hijri imawonjezera zina. Mwezi wake umakhala ndi masiku 29 kapena 30, chaka chimakhala ndi 354 kapena 355, ndipo tsiku limayamba pa Maghrib pomwe foni imasintha deti pakati pa usiku. Mapulogalamu ambiri amatsatira kalendala ya Umm al-Qura ya ku Saudi Arabia, yomwe idawerengeredwa pasadakhale ndi masamu a kayendedwe ka mwezi. Foni ikati kwatsala masiku 12 kuti Eid ifike, yawerenga molondola kufika pa deti limene idapatsidwa. Detilo likhoza kusiyana ndi tsiku limene mwezi uoneke kuno. Zilinso chimodzimodzi ndi chaka cha zakaat: pulogalamu yowerenga masiku 365 imachedwetsa wopereka ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Iddah ya mayi amene mwamuna wake wamwalira ndi miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo pulogalamu yotenga mwezi uliwonse ngati masiku 30 ikhoza kusiyana ndi kuwerenga kwa miyezi yooneka.

Choncho tisanakhulupirire nambala ya pa foni, tifunse zinthu zitatu. Kodi ikutsatira kalendala iti? Kodi foniyo yaikidwa pa nthawi ya dziko liti? Kodi tsiku loyamba yaliwerenga? Pokonzekera mayeso, ulendo kapena kugula za Eid, foni itithandiza ndithu. Mapulogalamu ena amalola kusuntha deti la Hijri ndi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ophunzira akhoza kuthandiza makolo awo kulikonza. Koma pa kuyamba swaumu, kumasula, aqiqah ndi iddah, tidikire chilengezo cha masheikh athu ndipo tifunse ku mzikiti.

Allah atiwonjezere kuzindikira. Wassalaam.