Ndege ya asilikali imafulumira, koma imamwa mafuta ngati ng'ombe ya ludzu

Mvula ikakula n'kuononga misewu, funso limene limamveka m'midzi ya ku Mualadzi ndi limodzimodzi chaka ndi chaka: bwanji boma silingotumiza ndege kuti itibweretsere chimanga? Funsoli ndi labwino, koma tiyeni tiwerengere limodzi.

Ndege yonyamula katundu imene magulu ambiri a nkhondo amadalira ndi C-130 Hercules, ya mainjini anayi. Ikadzaza imasenza matani pafupifupi 20, kapena tinene matumba 400 a makilogalamu 50. Kuchokera ku Beira kufika pa bwalo la Chingodzi ku Tete imauluka pafupifupi ola limodzi basi, koma pa ola limenelo imamwa malita opitirira 2,000. Amenewo ndi madiramu khumi ndi kuposerapo. Pobwerera, ngakhale ilibe kanthu, imamwanso.

Nanga lole? Lole yaikulu ya matani 30 imanyamula matumba 600, ndipo pa ulendo womwewo wa makilomita pafupifupi 600 imatha dizilo wokwana madiramu awiri kapena kucheperapo. Inde imachedwa, dalaivala amagona panjira, koma thumba lililonse limafika motchipa kwambiri.

Ndege zouluka kuchokera kutsidya kwa nyanja ndiye nkhani ina. Ilyushin 76 ya ku Russia imanyamula matani oposa 40, koma pa ola imatha mafuta okwana matani 8. C-17 ya ku America imasenza matani oposa 70. Vuto la zonsezi n'lakuti mafuta nawonso ndi katundu: ulendo ukatalika, matanki amadzazidwa ndipo malo a chimanga amachepa. Onjezanipo malipiro a oyendetsa, amakaniko ndi zipangizo zosinthira.

Sikuti ndegezi n'zachabe ayi. Namondwe Idai atagunda Beira mu March 2019, madzi anadula msewu waukulu wa N6, ndipo kwa masiku angapo lole sinkatha kulowa mumzindamo. Ndege za asilikali a mayiko ena, kuphatikizapo ma C-130 a America ochokera ku Djibouti, zinatuta chakudya, mankhwala ndi matenti. Pamenepo palibe amene anawerenga madiramu, poti anthu anali kufa.

Akuluakulu akukumbukiranso kuti mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ntchito ina yaikulu ya asilikali a United Nations, aja a ONUMOZ, inali yolondera misewu. Wa kuno ku Tete anaulondera ndi asilikali a ku Botswana, kuti malole aziyenda popanda mantha ndiponso othawa nkhondo abwerere kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia.

Ndipo tisaiwale ichi, abale: ngakhale Hercules itatera pa Chingodzi lero, matumba 400 aja sangafike okha kuno. Ayenera kukwezedwabe pa lole n'kuyenda msewu wopita ku Cassacatiza, kenako n'kulowa m'timisewu tafumbi tathu tija, tomwe mu February ngakhale ngolo imatitimira.