Maluwa a m'phiri ofanana: musamangoona mtundu, tembenuzani duwalo

Mvula ikangotha, mapiri a Zomba ndi Mulanje amadzaza maluwa achikasu ndi oyera, ndipo pa Facebook zithunzi zimangoti mbwee. Vuto ndi loti ambiri mwa maluwawa ndi a banja limodzi la Asteraceae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 20,000 padziko lonse. Ena ndi ndiwo, ena ndi poizoni. Ndiye mungawasiyanitse bwanji?

Choyamba, chimene mumati duwa limodzi kwenikweni ndi timaluwa tambirimbiri tothinana pamutu umodzi. Mtundu wake sukuuzani zambiri. Onani masamba, tsinde, njere ndi kunsi kwa mutuwo.

Chisoso chili ndi tsinde la ngodya zinayi, masamba otuluka awiriawiri moyang'anizana, ndipo tsamba limagawika patatu kapena pasanu. Njere zake ndi zija zakuda zomata pa thalauza.

Mwamunaaligone amafanana nacho, koma tsamba lake siligawika. Duwa lake ndi kakang'ono zedi, kachikasu pakati, m'mbali muli timapiko toyera pafupifupi tisanu. Ziwirizi ndi ndiwo.

Helichrysum ndi wa pamwamba pa phiri. Mukamukhudza amamveka ngati pepala louma, masamba ake nthawi zambiri amakhala ndi ubweya wotuwa, ndipo akauma sasintha maonekedwe. Ku Mulanje kuli mtundu wina, Helichrysum whyteanum, wotchulidwa dzina la Alexander Whyte, yemwe anatola zomera paphirili mu 1891.

Woyenera kusamala naye ndi Senecio. Maluwa ake ambiri ndi achikasu, masamba amatuluka limodzilimodzi mosinthana, osati moyang'anizana. Mukatembenuza duwa, timasamba tobiriwira ta kunsi timakhala pamzere umodzi ngati mpanda wa bango. Njere zake zili ndi ubweya woyera wouluka ndi mphepo. Mitundu yambiri ya Senecio ili ndi poizoni amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, moti munthu kapena ng'ombe imadzadwala patapita nthawi. Ndiye zomathyola tsamba lililonse n'kuponya mu tiyi ati ndi mankhwala, ayi ndithu abale.

Mukakayika, jambulani zithunzi zitatu: pamwamba pa duwa, kunsi kwake, ndi masamba ali patsinde. Pulogalamu ya pafoni imatha kuphonya, choncho kafunseni akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba konkuno. Duwalo lisiyeni pomwepo, anzanu obwera mawa alionenso.