Mungu Wakale M'matope a Nyanja ndi Mbiri ya Nkhalango za M'mapiri

Mlimi aliyense amaudziwa mungu, ufa wachikasu uja umene umayoyoka ku ngayaye za chimanga. Khungu la mungu ndi lolimba kwambiri, kotero kuti ukamira m'matope a pansi pa nyanja, m'mene mulibe mpweya, suola ngakhale patapita zaka zikwizikwi. Popeza maonekedwe ake amasiyana potengera mtundu wa chomera, akatswiri akauyang'ana ndi makina okuza zinthu amazindikira zomera zimene zinalipo kalelo.

Banja Lakale la Mitengo

Banja la mitengo lotchedwa Hamamelidaceae ndi limodzi mwa mabanja amene mbiri yake yadziwika motere. Maluwa ake okwiririka anapezeka ku Sweden m'nthaka ya zaka pafupifupi 80 miliyoni. Mungu wakale ukusonyeza kuti mitengoyi inali yofala ku Ulaya, koma inatha kumeneko nyengo itazizira. Lero yochuluka ili ku Asia ndi ku America. Pa mtunda wa Afrika pali gulu limodzi lokha, Trichocladus, ndipo abale ake apafupi ali ku Madagascar ndi ku Australia. Mtengo wa Trichocladus ellipticus umamera m'nkhalango za m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique. Nthambi yake ya kuno, malosanus, inatenga dzina ku phiri la Malosa pafupi ndi Zomba.

Umboni wa Nyanja

Nanga nkhalango zosunga mitengo yotereyi zapirira zotani? Yankho lili m'nyanja imene asodzi a ku Liuli ndi Mbamba Bay amaponyamo makoka. M'chaka cha 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanjayi natulutsa matope a zaka zoposa 1 miliyoni. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, ndipo madzi anatsika mamita oposa 500. M'zilalazo mungu wa mitengo unachepa. Mvula ikabwerera, mungu wa mitengo ya m'mapiri monga Podocarpus unkachulukanso, kusonyeza kuti nkhalango zinkatsikira kufupi ndi gombe. Koma kuyambira zaka pafupifupi 85,000 zapitazo makala anachuluka m'matopemo, ndipo nkhalango sizinabwerere mwakale ngakhale mvula inalipo. Kafukufuku wa ku Karonga, wofalitsidwa mu 2021, anagwirizanitsa zimenezi ndi moto woyatsidwa ndi anthu.

Phunziro kwa Alangizi

Nkhalango imadzuka pambuyo pa chilala ngati pali timagulu ta mitengo totsala tofesa mbewu, koma moto wa chaka ndi chaka umapha mphukira zisanakule. Choncho alangizi a m'boma la Nyasa, pamodzi ndi anzawo a ku Niassa ndi Nkhata Bay, alimbikitse alimi kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike pachimake, ndiponso kusalima kapena kudula mitengo m'magwero a mitsinje yotsika m'mapiri a Matengo. Mitengo yotsalayo ndiyo mbewu ya nkhalango ya mawa, ndiponso ndiyo imagwira nthaka kuti isakokolokere m'nyanja.